Hamilton Russell kapena Newton Johnson: pinot noir wa ku Hemel-en-Aarde

Anzanga ogwira ntchito m'malo odyera ku Cape Town ndi ku Hermanus amandifunsa funso limodzimodzi: kasitomala akaloza pinot noir (mtundu wa vinyo wofiira) wa Hamilton Russell ndi wa Newton Johnson n'kunena kuti "mundisankhire", tiyankhe chiyani? Mitundu yonse iwiri ndaithira m'magalasi kambirimbiri, choncho ndinena momwe ndimaionera.

Yonse imachokera m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kuseri kwa tauni ya Hermanus, motsatira msewu wa R320 wopita ku Caledon. Mphesa za pinot noir n'za khungu lopyapyala ndipo sizigwirizana ndi dzuwa loswa mtengo. Zikapsa mothamanga, vinyo wake amangomveka ngati jamu. Chimene chimazipulumutsa kuno ndi mphepo yozizira yochokera kunyanja, ku Walker Bay, yomwe imalowa m'chigwamo chilimwe chonse. Mphesa zimapsa pang'onopang'ono, osataya kawawasidwe kake.

Hamilton Russell ndiye nkhalakale. Tim Hamilton Russell adagula malowa mu 1975, vinyo woyamba n'kutuluka mu 1981, ndipo mwana wawo Anthony ndiye adapitiriza. Munda uli kumunsi kwa chigwa, m'dera lotchedwa Hemel-en-Aarde Valley, kufupi ndi nyanja, pa dothi ladongo losakanikirana ndi timiyala. Pa dzina limeneli amapanga mitundu iwiri yokha, pinot noir ndi chardonnay (vinyo woyera), ndipo mawu akuti Estate pa botolo si okometsera chabe. Ku South Africa amatanthauza kuti mphesa zidalimidwa pomwepo, kufinyidwa pomwepo, vinyo n'kuthiridwa m'mabotolo pomwepo.

Mukathira m'galasi, fungo lake silikuthamangirani. Mumayamba mwamva ngati nthaka imene yangonyowa ndi chizimalupsa, kenako zipatso zakuda ndi tizokometsera chakudya. M'kamwa amamanga pang'ono, monga imachitira nthochi yosapsetsa, makamaka akadali wamng'ono. Ambiri amakhumudwa pomwepa, poti amayembekezera chinthu chofewa. Tsiku lina ndidatsegulira mayi wina botolo, ataulawa adakwinya nkhope. Ndidawapempha kuti ayambe adya kaye nyama ya bakha yomwe adaitanitsa. Patatha mphindi ngati 30 adandikodola, galasi lili m'manja, kufunsa ngati ndawasinthira vinyo. Adali yemwe uja, adangopuma mpweya. Dongo limapereka vinyo wa msana wotere, woti mukhoza kumusunga zaka 10 n'kumupeza atakoma kuposa kale.

Newton Johnson ali kumtunda pang'ono, m'dera lotchedwa Upper Hemel-en-Aarde Valley. Ndi banja la Dave Johnson ndi Felicity Newton, ndipo amene amapanga vinyo ndi mwana wawo Gordon pamodzi ndi mkazi wake Nadia. Kumeneko dothi ndi la miyala ya granite yofumbutuka, lopepukirapo. Family Vineyards Pinot Noir wawo ndi wowala, moti mukapendeketsa galasi pa nsalu yoyera ya patebulo mumaona zala zanu kuseri. Fungo limakulonjerani nthawi yomweyo, la maluwa ndi zipatso zofiira. Ine limandikumbutsa masitiroberi amene anyamata amagulitsa pokwera phiri la Zomba. Satenga nthawi kuti atseguke, ndipo amayenda bwino ndi nsomba yowotcha, nkhuku kapena bowa.

Ndiye nditani kasitomala akandifunsa? Ndimayang'ana kaye chomwe waitanitsa. Wa nyama yofiira kapena bakha, amene sakufulumira, ndimamupatsa Hamilton Russell ndi mtima wonse. Amene akulawa pinot noir koyamba, kapena akudya nsomba masana, ndimamupatsa Newton Johnson, chifukwa sindifuna kuti munthu adane ndi mphesa yabwino chonchi pa galasi loyamba. Ndalama ikakhala yanga, yogulira botolo loti timwe usiku womwewo, ndimatenganso Newton Johnson.

Kumtunda kwenikweni kuli dera lachitatu, Hemel-en-Aarde Ridge, komwe kuli minda ya mphesa ya Creation ndi Ataraxia. Ofuna kumva kusiyana kwa madera atatuwa pa dzanja la munthu mmodzi afunefune vinyo wa Storm: Hannes Storm amapanga pinot noir atatu, Vrede, Ignis ndi Ridge, aliyense kuchokera m'dera lake.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni, anzanga. Musapereke pinot noir atatentha pa shelefu m'mwezi wa Januwale. Muikeni mufiriji mphindi 20, afike madigiri 14 mpaka 16, ndipo mumuthire m'galasi la mimba yaikulu, osadzaza.