Nyenyezi zitatu: oscillator yake ndi yabwino, koma kathumba kamodzi kanandidyera masabata awiri

Kit iyi, phukusi la zida zomangira wekha oscillator (chotulutsa mawu oimbira) ya synthesizer ya mtundu wa Eurorack, yokhala ndi chip ya AS3340, ndinaigula nditaona anthu ambiri akuiyamikira. Mtengo wake si wa masewera, ndipo ukaphatikiza ndi ndalama yotumizira ija munthu umayembekezera kuti wolongedza aonetsetse zomwe akuika m'timatumba. Phukusi linafika pa nthawi yake, popanda chosweka. Pamenepo ndilibe nawo mawu.

Ndinene kaye kuti si koyamba kugwira soldering iron, chowotcherera zida ndi mtovu. Ndinayambira pa ka Atari Punk Console, kachotulutsa mawu kosavuta kumanga ka ma chip awiri a 555, kenako ndinamanga envelope ndi mixer, ndipo zonsezo zikugwirabe ntchito mpaka lero. Ndikutchula izi dala chifukwa cha yankho lomwe ogulitsawa anandipatsa.

Kumanga kwake kunanditengera madzulo awiri. Ndinayamba ndi zazifupi monga mwa nthawi zonse, ma resistor, ma diode ndi ma socket, kenako ma capacitor ndi ma trimmer (tizopotokolera tating'ono tosinthira ndi screwdriver), pomaliza ma jack ndi ma pot nditawamangirira kaye ku panel kuti asapendekeke. Ndisanalowetse chip iliyonse ndinayatsa magetsi n'kuyeza ndi mita. Pa socket ya TL074 ndinapeza +12V pa mwendo 4 ndi -12V pa mwendo 11, ndipo mzere wofiira wa ribbon cable unali ku -12V komwe uyenera kukhala. Panalibe utsi kapena chotentha. Nditalowetsa ma chip, sawtooth inatuluka pompopompo, triangle ndi pulse chimodzimodzi (iyi ndi mitundu ya mawu yomwe oscillator imatulutsa). Usiku umenewo ndinagona mtima uli mbee.

Mavuto anayamba mawa lake nditalumikiza kiyibodi yoimbira. Ndikadina C imalira, koma ndikadina batani loyandikana nalo, mawu amadumpha pafupifupi octave yathunthu (mabatani 12) m'malo mokwera pang'ono chabe. Ukapitirira mabatani ochepa mawu akwera mpaka khutu osawamvanso. Chopotokolera cha coarse, chokwezera ndi kutsitsira mawu, nachonso chinali cholusa, kungochikhudza pang'ono mawu achoka pansi penipeni afika kumwamba. Ndinaganiza kuti ndi nkhani ya calibration basi. Ndinapotokola trimmer ya scale, yolinganizira kutalikirana kwa mawu a mabatani, kuchokera kumapeto ano mpaka kumapeto enawo, mpaka kumamva ka tche tche kosonyeza kuti yafika pothera, koma kusintha kwake kunali kochepa kwambiri. Ndinayeza kiyibodi, nayo inalibe mlandu: 1V pa octave iliyonse, pafupifupi 0.083V pa batani limodzi, monga mwa lamulo lake. Ndinabwereza kuwotcherera malo onse ndi mtovu watsopano, ndinatsuka flux ndi isopropyl, ndinayang'ana bolodi lonse ndi galasi lokulitsa kufuna pomwe mtovu wagundana. Palibe chomwe ndinapeza.

Apa ndi pomwe ndinawalembera ogulitsa aja. Ndinatumiza zithunzi zisanu ndi chimodzi za mbali zonse ziwiri za bolodi, mndandanda wa zomwe ndinayeza, ndi mawu ojambula kuti amve okha kudumphako. Patadutsa masiku anayi kunabwera yankho la mizere itatu. Bamboyo anati vuto lotere limachokera ku kawotchereredwe koipa, anati kit ikangowotchereredwa iwo sayankhanso kanthu, ndipo anandilangiza kuti ndikaonere mavidiyo a anthu ongoyamba kumene. Zithunzi zija sanazitchule n'komwe. Ndikukhulupirira kuti sanazitsegule, chifukwa akanatsegula akanaona kuti palibe malo ndi amodzi omwe ooneka otuwa kapena otumbika. Nditalembanso mwaulemu kufunsa ngati pangakhale chida cholakwika m'phukusi, anayankha kuti timatumba tawo timayang'aniridwa tisanatuluke, ndipo ngati ndikufuna nditumize module yonse, kutanthauza oscillator ndinamanga ija, akaikonze, ndilipire ndine. Zimenezi zinandipweteka kuposa vuto lenilenilo. Munthu wakhala maola akuyeza, wakulemberani zonse mwadongosolo, inu n'kumuyankha ngati mwana woti sadziwa mbali yogwira ya soldering iron.

Chifukwa cha mawu awo aja ndinayamba kukayikira chip, poganiza kuti mwina ndinaiwononga ndi static. Ndinaitanitsa AS3340 ina ndi ndalama zanga, ndinadikira sabata yathunthu, ndinailowetsa. Zomwezo.

Chomwe chinandipulumutsa ndi datasheet, chikalata chofotokoza za chip. AS3340 ndi yotengera CEM3340 ya Curtis ya m'ma 1980, ndipo chithunzi cha kalumikizidwe kake chimaonetsa kuti voltage yowongolera mawu imalowa kudzera mu resistor ya 100k. Ndinakhala pansi n'kuwerengera. Resistor imeneyo ikachepa kakhumi, magetsi odutsamo amachuluka kakhumi, ndiye chip imaona 1V ngati 10V, kutanthauza ma octave khumi. Batani limodzi lingadumphe magawo 10 mwa 12 a octave. Ndi zenizeni zomwe khutu langa linkamva kuyambira tsiku loyamba. Ndinazula mwendo umodzi wa resistor yomwe ili kuseri kwa jack ya 1V/oct, polumikizira kiyibodi paja, ndinaikapo mita, inawerenga 10k. Ndinatenga ziwiri zomwe zinatsala m'kathumba kolembedwa 100k ndi zilembo zazikulu, nazonso 10k. Kathumba konse kanali kolakwika.

Kwa amene simunakumanepo nazo: pa ma resistor a mizere isanu, 100k imakhala bulauni, wakuda, wakuda, olenji, bulauni, pomwe 10k imakhala bulauni, wakuda, wakuda, wofiira, bulauni. Kusiyana kwake ndi mzere umodzi wokha, ndipo pa thupi labuluu lija, usiku pansi pa babu, wofiira ndi olenji simungawasiyanitse msanga. Ndikuvomera kuti ndikanayeza iliyonse ndisanailowetse sindikanafika konseku, ndipo tsopano ndimatero. Koma ndinakhulupirira cholembedwa pa kathumba, buku lawo la malangizo silinena paliponse kuti uyeze, ndipo munthu amene anamanga module iyi kambirimbiri akanamva mawu ndinatumiza aja akanadziwa vuto lake m'mphindi imodzi.

Ndinayenera kuzula ma resistor asanu, chifukwa a m'kathumba komweko anapitanso ku coarse ndi ku FM. Ndinayamba ntchitoyo ndili ndi mkwiyo, nditakonzeka kulemba ndemanga ya nyenyezi imodzi. Koma pozula pamenepo ndi pomwe mtima unayamba kutsika. Bolodi lawo ndi lolimba. Malo ena ndinawatenthetsa katatu, kanayi, ndikukoka mtovu ndi wick, koma palibe pad (kamkuwa kowotchererapo mwendo) ndi imodzi yomwe inamatuka. Amene munazulapo chida pa mabolodi otchipa aja mukudziwa mmene kamkuwa kamatsatira mwendo n'kusiya dzenje lopanda kanthu. Apa ayi. Zolemba za pa bolodi ndi zowerengeka, mbali ya + ya ma capacitor yaonetsedwa bwino, pali ma diode oteteza ngati mwatembenuza ribbon cable, ndipo ma trimmer anawaika poti screwdriver imafika module ili m'malo mwake. Amene anajambula bolodi ili ankaganizira munthu womanga.

Nditaika ma 100k enieni, ndinaisiya itenthe mphindi 15, ndinaika A pa 220 Hz, kenako kumadina octave yapamwamba ndikusintha trimmer ya scale mpaka itakhazikika pa 440, kenako 880. Kumwamba kwenikweni inkatsalira pang'ono, trimmer ya HF, ya mawu apamwamba, inakonza zimenezo. Pasanathe theka la ola inali ikutsatira kiyibodi pa ma octave asanu ndi limodzi popanda kuphonya koti khutu n'kumva. Ndimaisiya yoyaka madzulo onse, mawu sasuntha. Ndipo kamvekedwe kake, anzanga, n'kokoma. Pulse ija mukaigwedeza pang'onopang'ono ndi LFO (oscillator yoyenda pang'onopang'ono) pa PWM (posinthira kutambalala kwa pulse) imanenepa ngati pali ma oscillator awiri. Chip ya banja limeneli ndi yomwe inali mu ma synthesizer a SH-101 ya Roland ndi Prophet-5 ya mtundu wachitatu (Rev 3), ndipo mukaimva mumazindikira chifukwa chake anthu sanaisiye. Usiku woyamba ndinakhala ndikuimba mzere umodzi wa bass mpaka mochedwa, osafuna kuzimitsa.

Ndinawatumizira chithunzi cha kathumba kaja kali pambali pa mita yowerenga 10k. Ulendo uno anayankha munthu wina, mayi, tsiku lomwelo. Anapepesa mosazungulira, anati aona timatumba tina ta gulu lomwelo ndipo apezamo tolakwika, n'kunditumizira ma resistor oyenera ngakhale ndinali nditakonza kale. Mayiwa ndiwo awonjezera nyenyezi yachitatu. Bambo woyamba uja sanalembepo ngakhale liwu limodzi, ndipo nkhani ya ndalama ya chip yomwe ndinagula chifukwa cha mawu ake aja ndaifunsa kawiri, onse akungoilumpha. Sindinaiwale, ndipo filter yawo yomwe ndinkafuna kugula mwezi uno ndaiimika kaye mpaka ayankhe.

Ngati mwagula kale kit iyi ndipo simunayambe, khuthulani kathumba ka 100k muyeze iliyonse payokha. Ngati munamanga kale ndipo mabatani akudumpha ngati mmene ndafotokozeramu, musagule chip ina. Zulani mwendo umodzi wa resistor ya kuseri kwa jack ya 1V/oct muyeze pamenepo, chifukwa ikakhala pa bolodi miyendo yonse iwiri mita ikhoza kukunamizani.