Saipuresi, paini ndi araucaria: wodzala pakhomo ndi uti?

Anzanga kuno ku Mzuzu sakundipumitsa ndi funso la mtengo wosongoka uja wa pa makadi a Khirisimasi. Mtengowo dzina lake ndi fir, koma fir weniweni ingomuiwalani. Kwawo n'kumadera ozizira kwambiri a ku Ulaya, Asia ndi North America, ndipo kachisanu kathu ka mu Juni n'kochepa kwa iye.

Ine ndinapusitsidwa. Mnyamata wina wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu wa M1 anandilumbirira kuti ndi fir, ndinagula zisanu ndi imodzi, kenako n'kuzindikira kuti ndi saipuresi. Poyamba sindinadandaule, chifukwa amakula msanga ndipo amalola kumetedwa ngati mpanda. Koma chaka chachitatu mvula itasiya, nthambi zam'munsi zinayamba kufiira kuyambira mkati. Nditapatula masamba ndinapeza tinsabwe tofiirira titaunjikana pa khungwa, nyerere zikukwera ndi kutsika, nthambi zili bii ngati zapakidwa mwaye. Nsabwe zimenezi si zachilendo ayi, mu Africa muno zinayamba kuonekera ku Malawi konkuno mu 1986, ndipo zinavutitsanso mkungudza wa ku Mulanje. Wogulitsa uja sanatchuleko n'komwe za mankhwala, za kubwereka sipuleya, kapena za waganyu wokwera pa makwerero kukapopera kunsonga. Chowawa kwambiri n'chakuti nthambi ya saipuresi ikauma siiphukanso, pamangotsala chibowo. Inayi ndinagwetsa, mayi akunyumba anaphikira nyemba.

Paini wa mtundu wa patula musiyireni Chikangawa. Ndi wa matabwa, ndipo masamba ake amadzaza m'magata a madzi n'kupha kapinga pansi pake.

Wanga tsopano ndi araucaria, wochokera ku chilumba cha Norfolk, m'nyanja ya Pacific. Mbande yake ndi yodula ndipo zaka zoyamba amachedwa mpaka kukukwiyitsa, koma nthambi zake zimasanjikizana zokha, osafuna sizasi. Ndinakumba dzenje lotakata, n'kusakaniza dothi lathu lofiirali ndi manyowa owola bwino, n'kudzala mu Disembala. Chilimwe choyamba ndinkathirira kawiri pa sabata, basi. Chongosamala ndi nsonga yake: ana kapena mbuzi zikaithyola, maonekedwe aja apita. Ndipo mudzaleni patali ndi nyumba ndi mawaya a ESCOM, chifukwa akadzayamba kukula amapitirira denga kutalitali.