PubMed pofufuza zolemba za katswiri wa myeloma: kukolola imakolola, koma kupeta n'kwanu

Amene akufuna kudziwa kulemera kwa ntchito ya wofufuza wa multiple myeloma, khansa ya maselo a plasma imene imamera m'mafuta a m'mafupa, kawirikawiri amayambira pa PubMed. Nkhokwe imeneyi ndi ya National Library of Medicine ya ku Bethesda m'dziko la America, ndipo yakhala yaulere kuyambira 1997. Muli mitu ya mapepala oposa 35 miliyoni, sifuna akaunti, ndipo masamba ake ndi opepuka moti sadya bandulo. Pa ntchito yopeza mapepala, palibe chaulere choiposa. Koma ikafika nkhani yoti ndi pepala liti limene lidasintha chithandizo cha odwala, PubMed imangoti zii, ndipo ambiri amapusitsidwa ndi nambala imene imaoneka pamwamba pa zotsatira.

Dzina labwino kuyesera ndi la Paul G. Richardson wa ku Dana-Farber Cancer Institute mu mzinda wa Boston, chifukwa misampha yonse ilimo. Mukalemba Richardson P[au] (chizindikiro [au] chimafufuza m'mayina a olemba), PubMed imaonjezera yokha zilembo zotsatira, ndiye mumakoka a Richardson PA, PD, PG ndi ena ambirimbiri amene sadakhudzepo myeloma. Mukalemba Richardson PG[au] gulu limachepa, koma mumataya mapepala amene magazini idangolemba chilembo chimodzi cha dzina loyamba, ndipo alipo ndithu. Njira yabwino ndi kufufuza kawiri: koyamba ndi PG, kachiwiri ndi "Richardson P"[au] dzinalo lili m'zizindikiro za mawu ogwidwa, zimene zimaletsa PubMed kuonjezera zilembo. Pa zonse ziwiri lumikizani matendawo pogwiritsa ntchito AND. Dzina lathunthu, monga Richardson Paul G, limathandiza pa mapepala a kuyambira 2002 okha, popeza kumbuyo konseko nkhokwe inkangosunga zilembo zoyamba.

Ena amathamangira kusefa ndi dzina la malo antchito, kulemba Dana-Farber[ad]. Apa mpamene mbiri ya munthu imaduka miyendo. Chaka cha 2014 chisanafike, PubMed inkalemba malo antchito a wolemba woyamba yekha. Pepala la 2007 limene wolemba woyamba ndi wa ku Spain kapena ku Greece, Richardson ali wachisanu pamndandanda, silituluka ngakhale pang'ono. Sefa imeneyi ndi yodalirika pa zaka zaposachedwa zokha.

Polumikiza matenda, musadalire "multiple myeloma"[mh] yokha. Chizindikiro chimenechi, chimene chimasonyeza nkhani imene pepala likukamba, chimaikidwa pepala litalowa kale, ndipo magazini ena amene ali mu PubMed koma osati mu MEDLINE (gawo la PubMed la magazini osankhidwa) sachilandira n'komwe. Phatikizani ndi myeloma[tiab], imene imafufuza m'mutu ndi m'chidule, pakati pake muike OR. Kulumikiza matendaku n'kofunikanso pa chifukwa china: Richardson adalemba zambiri za defibrotide, mankhwala a kutsekeka kwa timitsempha ta m'chiwindi kumene kumagwira ena mwa odwala oikidwa maselo a magazi. Ndi ntchito yake yeniyeni, koma si ya myeloma.

Mukafika apa muli ndi mndandanda wautali wa mazanamazana, ndipo ntchito yeniyeni ndiyo ikuyamba. Sinthani kaye kasanjidwe kuchoka pa Best Match kupita pa Publication date, chifukwa Best Match imasanja mwanzeru zake ndipo simuona mmene ntchito idayendera chaka ndi chaka. Kenako dinani Save, musankhe CSV. Fayiloyo imabwera ndi PMID (nambala ya pepala mu PubMed), mutu, olemba, magazini, chaka ndi DOI (nambala yopezera pepala pa intaneti), ndipo imatseguka bwinobwino mu Excel. Pa foni zimenezi zimavuta pang'ono, masefa amabisala. Ndi ntchito ya pa kompyuta.

Chopetera choyamba ndi malo a dzina pamndandanda wa olemba. Richardson PG[1au] imatulutsa mapepala amene iye ndi woyamba, ndipo [lastau] imatulutsa amene ndi womaliza, malo amene mwamwambo amakhala a mkulu wa gulu. Pa myeloma izi n'zofunika kwambiri, chifukwa kafukufuku wamkulu amachitikira m'zipatala zambiri za mayiko osiyanasiyana, ndipo pepala limodzi limanyamula mayina 20 kapena 30. Malangizo a International Myeloma Working Group nawonso amasainidwa ndi khamu. Wofufuza akhoza kusonkhanitsa mapepala 100 ali pakati pa khamu lotere, ndipo PubMed imawerenga lililonse mofanana ndi limene adatsogolera yekha.

Mukasefa chonchi, msana wa ntchito ya Richardson umaonekera. Mu 2003 muli pepala la kafukufuku wotchedwa SUMMIT mu New England Journal of Medicine: odwala 202 amene mankhwala ena onse adakanika, ndipo 35 mwa 100 alionse adaonetsa kusintha atalandira bortezomib. Chaka chomwecho FDA (bungwe loona za mankhwala ku America) idavomereza mankhwalawo. Mu 2005 muli APEX m'magazini yomweyo, odwala 669 ogawidwa mwamaere, pomwe bortezomib idachedwetsa kukula kwa matenda kwa miyezi 6.2 poyerekeza ndi 3.5 ya dexamethasone wamphamvu. Mu 2022 muli DETERMINATION.

Tsono taonani APEX yomweyo. Idabala pepala lina mu Blood mu 2007 lofotokoza odwala omwewo patapita nthawi, lina la okalamba, lina la odwala impso, linanso la dzanzi ndi kuwawa kwa manja ndi miyendo kumene bortezomib imabweretsa. Onsewo ndi othandiza kwa dokotala, koma gwero lake ndi odwala 669 omwe aja. Wowerenga mitu mwachangu aganiza kuti ndi kafukufuku asanu. Chida chothetsera vutoli chilipo ngakhale ambiri sachidziwa: nambala ya kafukufuku ya ku ClinicalTrials.gov ndi chizindikiro [si]. Mukalemba NCT01208662[si] mumapeza mapepala omangidwa pa DETERMINATION. Sigwira onse, popeza imadalira kuti nambalayo idalembedwa pamene pepala linkalowa, koma imakuthandizani kuika mzati watsopano mu fayilo yanu ija: dzina la kafukufuku. Muziwerenga mzati umenewo, osati mizere.

Chimene PubMed singachite ngakhale mutasefa bwanji ndi kukuuzani tanthauzo la zotsatira. DETERMINATION idatenga odwala 722 opezeka kumene ndi matendawa. Onse adalandira lenalidomide, bortezomib ndi dexamethasone, koma theka lidalandiranso melphalan wamphamvu n'kubwezeredwa maselo awo omwe. Gulu limeneli lidakhala miyezi 67.5 matenda asanayambirenso kukula, linalo miyezi 46.2. Wongoona nambala ziwirizi anena kuti nkhani yatha. Koma patatha zaka 5, amoyo adali 80.7 pa 100 m'gulu loyamba ndi 79.2 m'gulu lachiwiri, kusiyana kosanunkha kanthu. Zonsezi zili m'chidule chimene PubMed imaonetsa mwaulere, kungoti muyenera kuwerenga mpaka pansi ndi kusiyanitsa kuchedwa kwa matenda ndi kutalika kwa moyo.

Choopsa kwambiri ndi pepala limene lili bwinobwino koma mankhwala ake adagwa pambuyo pake. HORIZON, imene Richardson ndi wolemba woyamba mu Journal of Clinical Oncology, idayesa melflufen pa odwala 157 popanda gulu loyerekezera, ndipo 29 pa 100 adaonetsa kusintha. FDA idavomereza mwachangu mu February 2021. Kafukufuku wamkulu wa OCEAN atayerekeza melflufen ndi pomalidomide, chiwerengero cha imfa chidadetsa nkhawa, ndipo mu February 2024 FDA idachotseratu chilolezocho, ngakhale ku Ulaya adawalola mu 2022 pa gulu lochepa la odwala. Pepala la HORIZON silidalakwe ndipo silidachotsedwe, choncho PubMed siiika chenjezo lililonse. Chenjezo lofiira limangoonekera pa mapepala obwezedwa ndi magazini, amene mungawapeze ndi "retracted publication"[pt]. Za tsogolo la mankhwala muyenera kukaziona ku FDA kapena ku EMA, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya.

Mipata ina ndi yaing'ono koma ilipo. Zidule za misonkhano, monga wa American Society of Hematology wa mwezi wa December kumene zotsatira zambiri za myeloma zimayamba kumvekera, kawirikawiri sizilowa mu PubMed. H-index, nambala yoyezera kuchuluka kwa mapepala a wofufuza ndi mmene ena amawatchulira, mulibe. Gawo la Cited by, losonyeza mapepala ena amene adatchula pepalalo, limawerenga mochepa, chifukwa limatsamira kwambiri pa mapepala a mu PubMed Central, nkhokwe ya mapepala athunthu aulere. Google Scholar imapereka nambala zimenezi mwaulere koma imasakaniza zidule, mapepala obwereza ndi ena a anthu ofanana mayina; Scopus ndi Web of Science ndi zaukhondo koma n'zolipira. Mawu oulula makampani amene amalipira wofufuza adayamba kuoneka pansi pa chidule mu 2017, ndipo amaoneka pokhapokha magazini itawatumiza. Pa matenda amene kafukufuku wake wambiri amalipiridwa ndi opanga mankhwala, kusaoneka kwa mawuwa sikutanthauza kuti palibe choulula. Tsegulani pepala lenilenilo.

Kutsegulako ndiye kumafuna ndalama nthawi zina. Sefa ya Free full text imakusiyirani aulere okha, koma musaigwiritse ntchito powerenga mbiri ya munthu, chifukwa imataya mapepala ofunika a m'magazini olipira monga Lancet Oncology. Wophunzira kapena dokotala wa ku Malawi afunse ku laibulale ya sukulu kapena chipatala chake za Hinari ya Research4Life, imene imatsegula magazini ambiri otere kwaulere ku mabungwe olembetsedwa a m'mayiko osauka. Mapepala oyamba kuwafuna kumeneko ndi a bortezomib, lenalidomide, thalidomide ndi melphalan, amene WHO idawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a myeloma mu 2019.