Miyezi isanu ndi itatu ndikuchita malonda a forex pa Linux Mint 22

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5.

Sindinasamukire ku Linux chifukwa choikonda ayi. Laputopu yanga ndi yakalekale, purosesa yake ndi Intel ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, pomwe Windows 11 imafuna ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita kutsogolo, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Microsoft inali italengeza kale kuti pa 14 October 2025 isiya kutumiza ma update a Windows 10. Tsono makina omwe ndimalowerapo mu akaunti ya ndalama sindikanawasiya opanda chitetezo chatsopano. Kunali kugula ena kapena kusintha OS (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta), ndipo ndinasankha chachiwirichi.

Kuika sikunavute. Ndinakopera Linux Mint 22 ya Cinnamon pa flash, n'kuyamba ndaiyendetsa kuchokera pa flash pomwepo kuti ndione ngati Wi-Fi ndi mawu zikugwira, kenako ndinaiika. Theka la ola silinathe. Inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo idzalandira ma update mpaka 2029, kotero mtima uli m'malo kwa zaka zingapo. Poika pamabwera funso lofuna kudziwa ngati mukufuna kutseka disiki yonse ndi pasiwedi. Vomerani nthawi yomweyo, chifukwa kudzachita pambuyo pake n'chintchito. Firewall nayo imabwera ili yozima, muiyatse nokha tsiku loyamba.

Nkhawa yanga yeniyeni inali MetaTrader 5, pulogalamu yomwe ndimachitirapo malonda a forex. Pulogalamuyi anaipangira Windows, ndipo pa Linux imayenda kudzera mu Wine, amene amamasulira zofuna za mapulogalamu a Windows kuti Linux izimve. A MetaQuotes, eni ake a MetaTrader, ali ndi script yawoyawo yomwe imaika Wine kenako MetaTrader. Mumangoilemba mu terminal (zenera lolembamo malamulo a kompyuta) n'kudikira, ndipo ikapempha kuika Mono ndi Gecko, zothandizira Wine, musakane. Zitatha, ma chart anatseguka monga mwa masiku onse, ma template anga ndinawakopera mu foda ya data, EA yanga (kapulogalamu kochita malonda pakokha) inayamba kugwira ntchito osadandaula. Zilembo za pa menyu zinali zazing'ono kwambiri, mpaka ndinakweza DPI (kukula kwa zilembo) mu winecfg, mosinthira makonzedwe a Wine. Basi. TradingView, tsamba loonerapo ma chart, ndimaitsegula pa browser, ilibe nkhani.

Chimene ndabwerera kudzalemba ndi ichi, poti chinandidyera ndalama, ndipo wolakwa ndinali ine mwini. Lachisanu lina loyamba pa mwezi, tsiku lotuluka Non-Farm Payrolls, lipoti la chiwerengero cha ntchito ku America, ndinali ndi trade ya EUR/USD yomwe inkayenda bwino. Ndinaiikira trailing stop (malire otsekera trade amene amasuntha potsatira phindu), n'kutseka chivindikiro cha laputopu, n'kutuluka. Pobwera ndinapeza mtengo unakwera ndithu, kenako unabwerera n'kudya phindu lonse mpaka kukagunda stop loss (malire otsekera trade ikamaluza) yomwe ndinaika poyamba. Sindinkadziwa kuti zinthu ziwirizi zimakhala malo osiyana. Stop loss ndi take profit (malire otsekera trade ikapindula) zimasungidwa pa seva ya broker, kampani yomwe mumachitirako malonda, ndiye zimagwira ngakhale kompyuta yanu itazima. Trailing stop imayendetsedwa ndi MetaTrader ya pa kompyuta panu, chimodzimodzi EA. Makina akagona, nazonso zagona. Ine potseka chivindikiro ndinagoneka mlonda wanga ndekha.

Usiku womwewo ndinalowa mu Power Management, n'kusintha kuti kutseka chivindikiro kusamachite kanthu ndiponso kuti makina asamagone akakhala pa magetsi. Izi muchite musanatsegule trade iliyonse, kaya muli pa Linux, Windows kapena Mac, chifukwa onsewo amagona.

Chomwe chandikondweretsa koposa ndi ma update. Mint siika kanthu kapena kudziyambitsanso yokha pokhapokha mutaiuza. Kachishango kamangoonekera pakona kukudziwitsani kuti kwabwera zatsopano. Msika wa forex umayenda usana ndi usiku kwa masiku asanu, ndiye ine ndinasandutsa Loweruka kukhala tsiku lokonza makina: ndimasunga kaye snapshot (kope la mmene makina alili) ndi pulogalamu ya Timeshift, ndimaika ma update, ndimayambitsanso, kenako ndimatsegula MetaTrader pa akaunti ya demo (yoyeserera) kuona ngati zonse zili bwino. China chitasokonekera, ndili ndi Lamulungu lonse lobwezera zinthu mmene zinalili. Kunena chilungamo, Windows 11 nayo ili ndi njira zake. Mutha kuika active hours mpaka maola 18 patsiku, komanso kuimitsa ma update kwa masabata asanu. Kungoti maola 18 sakwana kwa munthu amene EA yake imagwira maola 24.

Nanga liwiro? Apa ambiri amanamizana. Laputopu ikuyenda mopepuka ndithu ndi RAM ya 8 GB ndi SSD, koma kuthamanga kwa order sikunasinthe ngakhale pang'ono. Yang'anani pakona ya pansi kumanja mu MetaTrader, pali nambala ya ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera. Imeneyo imatengera intaneti yanu ndi kutalika kwa pakati pa inu ndi seva ya broker, osati OS. Chimene chinandithandiza ndi kusiya Wi-Fi n'kulumikiza chingwe cha Ethernet, kuduka kwa pafupipafupi kunatheratu.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa si mapulogalamu onse a malonda amalola kukhala kuno. Broker wina yemwe ndinali naye ali ndi pulogalamu yakeyake ya Windows yokha, ndipo inakana kutseguka. Nditalembera othandiza makasitomala awo anangoyankha kuti za Linux sathandizapo. Indicator (kachida kosanthulira ma chart) ina yomwe ndinagula kalekale, yodalira fayilo ya DLL, nayonso inangoti zii. Ndinataya madzulo awiri ndikulimbana nayo, kenako ndinaisiya. Choncho musanafufute Windows, lembani mapulogalamu onse amene mumadalira, muwayese kaye pa demo kwa sabata ziwiri.

Amene makina ake amalola Windows 11, ndipo amagwiritsa ntchito ma indicator ndi ma EA ogula, akhale komweko, adzapewa mutu. Mint ndi ya munthu ngati ine, wa kompyuta yakale, wodalira MetaTrader ndi browser, wosaopa kulemba mizere iwiri itatu mu terminal. EA yanga panopa ndaisamutsira pa VPS (kompyuta yobwereka ya pa intaneti yosazima) yomwe ili pafupi ndi seva ya broker, ndipo laputopu yatsala ya ma chart ndi ma trade a pamanja. Chivindikiro ndimatsekabe, koma ndimayamba ndaona kuti stop loss yalembedwa pa seva.