Bokosi la mchenga lophunzitsira za mapiri ndi mafuta: ubwino ndi zofooka zake

Mmisiri wina wa matabwa pa boma la Dedza akukhomera aphunzitsi a jogalafe bokosi loonetsa mmene miyala imapindikira zigawo ziwiri za nthaka ya dziko lapansi zikamakankhana, ndipo nditaligwiritsa ntchito m'kalasi ndaona kuti n'loyenera kugula, makamaka poti mtengo wake si woboola m'thumba. Mbali imodzi ndi yagalasi, ndipo mkati muli thabwa losunthidwa ndi bawuti yaitali. Mumayala mchenga wouma, kuulekanitsa ndi mizere ya phulusa ndi ya njerwa yosinja, kenako mumapota bawutiyo pang'onopang'ono kuti thabwalo lizikankha mchengawo, monga momwe Henry Cadell, katswiri wa za miyala wa ku Scotland, ankayesera zofanana nazo m'zaka za m'ma 1880.

Phindu lenileni la bokosili lili kutsogolo kwa mulu wa mchengawo. Pafupi ndi thabwa mizere imathyoka n'kukwerana mosokonekera, koma kutsogolo, kumene mng'alu watsopano ukungoyamba kumene, mzere wofiira wa njerwa umangotukuka ngati mthumbira wa mbatata, osaduka ayi. Apa mpamene wophunzira amamvetsa chifukwa chake makampani amafunafuna mafuta m'mphepete mwa mapiri opangidwa ndi kukankhana kotere osati pakati pake: mafuta ndi gasi n'zopepuka kuposa madzi, motero zimakwera m'timipata ta miyala mpaka pansonga pa chotukukacho, pomwe zimatsekeredwa ndi mwala wapamwamba umene sunaphwanyike. Ndi mmene zilili m'munsi mwa mapiri a Zagros, kumene chigawo cha Arabia chikukankha cha Eurasia. Ku Iran mafuta ambiri ali m'miyala ya laimu ya Asmari, yovundikiridwa ndi mchere wa Gachsaran, ndipo anapezeka ku Masjed Soleyman mu 1908, pomwe ku Kirkuk, m'dziko la Iraq, anatumphuka mu 1927. Sindinaonepo chithunzi cha pabolodi chimene chimafikitsa mfundo imeneyi m'mutu mwa mwana msanga chotere.

Zofooka zilipo ndithu. Mchenga umadutsa pansi pa thabwa n'kukanda galasi, ndipo bawuti imalimba fumbi likalowa, zomwe mphira wa chubu cha njinga ndi kagirisi pang'ono zingathetse.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti bokosili limangokankha basi, pamene dziko lathu lino likukokeka n'kung'ambika. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti anaona ndi maso ake mmene nthaka inagwera kunsi, ndipo Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chopangidwa mwanjira yomweyo. Miyala ya phiri la Dedza ndi ya mapiri a Kirk ku Ntcheu ndi yolimba, yophikika ndi kutentha kwa pansi pa dziko, ndipo siyosunga mafuta. Mphunzitsi akapanda kunena zimenezi momveka, ana atuluka m'kalasi akuganiza kuti phiri lililonse lakhalira chuma. Choncho amene mukufuna kuitanitsa bokosili, auzeni amisiriwo kuti alumikize thabwalo ndi kansalu kapena mphira woyala pansi pa mchenga, kuti bawuti ikapotedwa mobweza mchengawo uzing'ambika n'kugwa pakati.