Kumeta ndi lezala, bulashi ndi sopo: ndalama zinapita kuti?

Anzanga a kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, akhala akundifunsa ngati kumeta kwachikalekale kumene ndinayamba chaka chatha kukupulumutsadi ndalama. Chometeracho chokha, eya, chinabweza kale zake. Koma munthu akayamba kuzikonda zinthuzi, thumba limabooka kwina.

Ndimagwiritsa ntchito Merkur 34C, shevala yachitsulo yoikamo lezala, yopangidwa ku Solingen, ku Germany. Mlamu wanga ndiye anandigulira ku Johannesburg, ine n'kumubwezera ndalama pa M-Pesa. Mtengo wake unali wowawa, ndipo mayi a kunyumba atamva anangopukusa mutu. Lero chitsulocho chikadali chonyezimira, mazinga ake akumanga bwinobwino. Ndimangochiyanika ndikatha kumeta, komanso sindichisiya m'mphepete mwa beseni, poti pansi ndi pasimenti.

Phindu lenileni lili pa lezala. Maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni kuchokera pa lezala ya mbali ziwiri imene King C. Gillette analembetsa mu 1904, moti lezala ya kampani iliyonse imalowa. Ndiye kuti ngakhale ija ya pamsika, imene agogo ankawengera zikhadabo, ikugwira ntchito. Ine ndinagula bokosi la Astra la malezala 100. Imodzi imandikwanira sabata yathunthu, choncho bokosilo lingafike pafupifupi zaka ziwiri. Tayerekezani ndi timakina tapulasitiki totaya tija, timene ndevu zathu zopotanazi zimatitseka msanga, kapena ulendo wa kubabashopu Loweruka lililonse.

Tiziphuphu ta pakhosi tinachepanso kwambiri. Mpeni umodzi sudula tsitsi mpaka mkati mwa khungu, bola uzitsata kumene ndevu zagonera ndipo usakanikize. Kulemera kwa chitsulocho n'kokwanira.

Tsono vuto ndi mtima. Sopo wa Arko wa ku Turkey, uja wonga kandulo yonenepa, ndi wotchipa ndipo amatha miyezi. Ungopaka pandevu zonyowa, n'kuzungulizapo bulashi, thovu lochindikala latuluka. Bulashi yanga ya Omega, ya ubweya wa nguluwe, poyamba inkabaya ndiponso inkanunkha khola, koma nsonga zake zitagawikana inafewa. Zinthu ziwirizi zinali zokwanira. Koma ukamaonera makanema pa YouTube, anthu a ku Ulaya ndi ku America akuonetsa mashelefu odzaza sopo, umayamba kuona ngati ukumanidwa. Ndinaitanitsa sopo wa Proraso wa ku Italy, kenako bulashi yachiwiri, kenako mafuta opaka ukatha kumeta. Proraso ndi wabwino, amazizira pankhope ngati mphepo ya ku Domwe mu June, koma ndevu amazifewetsa chimodzimodzi ndi Arko.

Chodula kwambiri si katunduyo ayi, ndi njira. M'mashopu a ku Angónia sindinaonemo bulashi yometera. Umadikira wina wochokera ku Joni kapena ku Maputo, katundu atsikire ku Tete, umupatse kangachepe woyendetsa chapa (minibasi) kuti afike naye kuno. Pofika m'manja mwako, kasopo kamakhala katakwera mtengo koposa. Bundle ya intaneti yoonera makanema aja nayonso muiwerengere. Ndipo nyengo yozizira ya kuno, madzi ometera amafuna makala kapena mayunitsi a magetsi a Credelec, chifukwa bulashi ya nguluwe imafuna kuiviika kaye m'madzi ofunda.

Amene akufuna kuyesa asayambe ndi Merkur. Zometera zachitsulo zotchipa za ku China kapena ku India zimameta bwino ndithu, bola muone kuti lezala yakhala mowongoka mbali zonse musanamange. Onjezani sopo mmodzi, bulashi imodzi ndi kamwala ka alum koletsa magazi mukadzicheka. Malezala akale ndimawaponya m'chitini cha mkaka chobooledwa pachivundikiro, chifukwa ana a kwathu amatola chilichonse. Bulashi yachiwiri ija ndikuigulitsa, amene akuifuna tikambirane mtengo.