Kuyezetsa CD4 pa kachipatala kena ku Area 25

Mwezi wathawu ndinaperekeza mlongo wanga kukayezetsa magazi pa kachipatala kena ka ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi momwe adokotala anatifotokozera zotsatira za CD4 mosathamanga. Iwo anati CD4 ndi maselo a m'magazi amene amatsogolera asilikali ena a m'thupi polimbana ndi matenda, ndipo ndi omwewo amene kachilombo ka HIV kamawononga. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500 pa mlingo umene amayezera, koma akatsika pansi pa 200, achipatala amafufuzanso TB ndi matenda oumitsa khosi.

Anawonjezeranso mfundo imene sindinkaidziwa, yakuti ena mwa maselo a CD4 ntchito yawo ndi kuletsa chitetezo kuti chisaukire thupi la mwini wake, ndipo kafukufuku wa maselo amenewa ndiye anachititsa kuti katswiri wa sayansi wa ku Japan Shimon Sakaguchi ndi anzake awiri alandire mphoto ya Nobel mu 2025.

Chodandaulitsa n'chakuti tinadikira kuyambira m'mawa mpaka masana pomwe mipando ndi yochepa, moti amayi okalamba anakhala pansi pakhonde. Ngakhale zili choncho, tidzabwererako.